Nsomba Zimene a Valentim Anabwera Nazo m'Ndowa

Aliyense amene anagulapo ndowa pa msika wa Ulongwe akuwadziwa a Valentim Chimango, ngakhale mwina dzina sakulidziwa. Ndi bambo aja aafupi, a imvi mutu wonse, amene amakhala pa chitsa kumapeto kwa mzere wa okhoma malata, ndipo ukawafunsa mtengo amayankha mokuwa ngati uli tsidya la mtsinje. Si ukali ayi, nyundo inawadya makutu. Munthu akamenya chitsulo kuyambira unyamata mpaka ukalamba, mawu a anthu amayamba kumufika ngati akuchokera m'chitsime. Komanso tisainamizire zonse nyundoyo, chifukwa a Valentim ngakhale makutu ali abwino sanali munthu wokonda kuuzidwa.

Mkati mwa sabata ndi mmisiri. Lamulungu akatuluka m'tchalitchi amamanga ndodo yawo ya mbedza pa njinga, n'kupalasa msewu wa ku Lifidzi mpaka pa dziwe la Kankhande, pamene mzungu wina wa nthawi ya atsamunda anatseka kamtsinje kuti ng'ombe zake zizimwa. Kumeneko amakumana ndi anzawo awiri, a Josias amene anapuma ntchito ya ku chipatala, ndi a Nikolasi a chigayo. Amakhala chete madzulo onse, aliyense ndi chingwe chake. Nsomba ikakodwa amalimbana nayo, kuitulutsa, kuiyang'ana bwinobwino, kenako n'kuibweza m'madzi. Anthu a ku Kankhande anaona zambiri pa moyo wawo, nkhondo anaiona, njala anaiona, koma munthu wogwira ndiwo n'kuitayanso anayamba kumuona pa a Valentim.

Iwo kusekedwako sikunkawapweteka. Chimene chinkawapweteka chinali china, ndipo mudzi wonse unkachidziwa. Mlongo wawo, a Rufina, wobadwa mimba imodzi, amakhala kuseri kwa kaphiri koyang'anana ndi dziwelo, koma panapita zaka asakupondana pakhomo. Anayambana chifukwa cha matemba. A Valentim ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti olakwa ndi a Rufina, ndipo ankadikira tsiku limene zidzaonekere poyera kuti mlongo wawoyo adzagonje, chibale chibwerere. Tsikulo linkachedwa, ndipo onse awiri ankakalamba.

Zinayambira kutali. Nkhondo itavuta, banja lawo linathawira ku Dedza monga mabanja ambiri a kuno. A Valentim anali mnyamata, ndipo ku Malawiko ndi kumene anaphunzira zinthu ziwiri zimene zakhala moyo wawo. Kukhoma zidebe anaphunzira chifukwa cha mimba. Kuwedza anaphunzira kwa bambo wina wogwira ntchito m'nkhalango ya paini, amene ankawatenga kukakhala naye pa damu la m'phiri. M'damumo munali nsomba yachilendo, yobiriwira pamsana, ya pakamwa potakasuka moti chibakera cha mwana chikhoza kulowa. Ikaluma nyambo inkadumpha pamwamba pa madzi n'kupukusa mutu, ndipo mtima wa mnyamata wothawa kwawo, wosowa chilichonse chake, unkaiwala zonse kwa kanthawi.

Mtendere utabwera, anthu anabwerera atasenza malata, mapoto ndi mbuzi. A Valentim anabwera ndi nyundo ndi ndodo ya mbedza. A Rufina anabwera ndi ana ang'onoang'ono, mwamuna atamuika m'manda a ku Dedza konko. Chimene chinawalerera anawo ndi dziwe la Kankhande. Masiku amenewo munali matemba osaneneka. Amayi ankatchera miono m'bango madzulo, m'mawa n'kukavuula yodzaza, kuyanika pa thanthwe lochapira, ena kudya, ena kukagulitsa timilu ku Lifidzi. A Rufina anali katswiri pa zimenezi, ndipo ana awo sanagonepo ndi mchere wokha.

Koma kwa a Valentim dziwelo linali lozizira. Matemba sadya mbedza yeniyeni, ndipo timakumba timene tinalimo tinkabwera pa chingwe ngati tsamba louma, osalimbana n'komwe. Anapirira zaka zambiri akudandaula, mpaka chaka china anaganiza zochitapo kanthu. Anakhoma ndowa yapadera, ya chivindikiro choboolaboola kuti mpweya uzilowa, n'kupita ku Dedza. Anakapeza tiana ta nsomba ija, tosaposa chala, n'kubwera nato pa njinga kudzera ku Kalomwe, akuima pa mtsinje uliwonse kusintha madzi, akuphimba ndowayo ndi malaya awo kuti dzuwa lisaiwombe. Anafika msana utapsa, nsomba zili moyo, n'kuzithira m'dziwe la Kankhande. Nkhani imeneyi sankaibisa ayi. Ankaisimba paliponse, pamaliro ndi paukwati pomwe, ndipo amene ankawadziwa akangomva kuti «chaka chimene ndinapita ku Dedza» ankayamba kufunafuna pothawira.

Nsombazo zinaswana, zinakula, anthu n'kuzitcha zikamwa. A Josias ndi a Nikolasi anagula ndodo zawo, ndipo atatuwa anaika malamulo, abwino ndithu. Yaing'ono ibwerere m'madzi. Nyengo yotentha, pamene zikamwa zikuswa, mbedza zipume. Pasapezeke wothira mankhwala kapena wotsukira chopopera mbatata m'dziwe. A Valentim anawonjezapo lawolawo, loti iwo sadzapha chikamwa n'chimodzi chomwe, ndipo analisunga.

Kenako miono ya amayi inayamba kupepuka. Chaka ichi theka, chaka chinacho pansi pokha. A Rufina, amene analibe munda waukulu kapena mwamuna wowathandiza, ndi amene anayamba kumasula neti ya udzudzu pa bedi n'kulowa nayo m'madzi, ndipo ena anatsatira. Netiyo inkakokolola chilichonse, ndi tiana tomwe. Amuna atatu aja ataona zimenezi sanafunenso umboni wina. Matemba akutha, neti zabwera, basi mlandu watha.

Tsiku lina a Valentim anafika pa dziwe molawirira n'kuwapeza a Rufina ali m'madzi mpaka m'chiuno, akukoka neti ndi mnzawo. Pa thanthwe panali podzaza amayi ochapa. M'chikwama cha pa njinga munali lumo lawo lodulira malata. Analowa m'madzi ndi nsapato zomwe, analanda netiyo, n'kuidula zidutswazidutswa anthu akuonerera, akufuula ndi mawu awo aja osadziwa kutsika.

«Mwamaliza matemba inu. Dziwe lino mwalipha ndinu, achemwali, ndipo ana a m'mudzi muno akadzafunsa tidzatchula dzina lanu.»

A Rufina anatuluka m'madzi, anatola beseni lawo lopanda kanthu n'kumapita. Amayi enawo, amene nawonso neti zawo zinali zonyowa kunyumba, anaona kuti mlandu wapeza mwini wake, ndipo anausiya pomwepo. Neti zinatha pa Kankhande kuyambira tsiku limenelo, koma dzina linatsala. Ndiwo zikasowa pakhomo, anthu ankati tikadye kwa a Rufina amene anamaliza matemba. A Rufina anayamba ganyu wokumba mbatata ya kachewere m'madimba a eni, ndipo mwana wawo wotsiriza, Páscoa, anasiya sukulu n'kupita ku Tete kukagwira ntchito m'nyumba za anthu.

Panali chinthu china chimene chinkawapsetsa mtima a Valentim. Njira yachidule yochokera kwa a Rufina kupita kumadimba imadzera pa khoma la dziwe. Chiyambire tsiku lija a Rufina anaisiya, n'kumakwera kaphiri, kuzungulira m'mabulugama, ulendo wotopetsa kwa munthu wa msana wowawa. A Valentim ankati umenewo ndi mwano, akuzemba kukumana nawo. Akazi awo, a Benedita, anawauza kuti a Rufina amadzera kumtundako ngakhale Lachitatu, pamene a Valentim ali ku msika ndipo pa dziwe palibe munthu. A Valentim anangoti ndiye kukula kwa mwanowo. A Benedita akati pitani mukapepese, chibale ndi fupa sichiwola, yankho linali limodzi nthawi zonse. Matemba ayambe abwerera, aone yekha kuti neti ndiyo inalakwa, pamenepo tidzakhala pansi.

Koma matemba sankabwerera. Mvula zinagwa, zina zambiri zina zochepa, neti kulibe, miono kulibe, m'bango muli zii. A Valentim ankati akamawedza maso amathawira m'mphepete, kufunafuna timithunzi tija tothamanga m'magulu, osationa. Usiku wa maganizo sankauuza munthu, koma a Benedita ankaona kuti akabwera ku dziwe sabweranso ndi nkhope ija yopepuka.

Mu Ulongwe muli sukulu ya ukachenjede ya zaulimi, imene anthu amangoti ku univesidade. Mmodzi wa aphunzitsi ake, Natanael, amene anthu amamutcha enjenyero, kutanthauza injiniya, anabwera tsiku lina kudzakhometsa zothirira mbewu, ndipo monga mlendo aliyense wosachenjezedwa, anagwa m'nkhani ya ulendo wa ku Dedza. Koma uyu sanathawe. Anamvetsera mpaka kumapeto, anafunsa za malamulo aja, kenako anapempha ngati a Valentim ndi anzawo angalole kuphunzitsa ophunzira ake tsiku limodzi za kasamalidwe ka nsomba. Anati anawo amadziwa za m'mabuku, koma ambiri sanagwirepo nsomba yamoyo, ndipo sanaonepo anthu amene anadziikira okha malamulo pa madzi popanda boma kuwakakamiza.

A Valentim sabata imeneyo anakhoma ndowa akuimba. Sikunali kunyada kokha. Mumtima ankati anthu ophunzira akabwera, akaona, adzanena poyera kuti neti ndiyo inapha matemba, mawuwo adzakwera kaphiri n'kukafika kwa a Rufina, ndipo nkhani imene yawalemera zaka zonsezi idzatha. Anachapitsa malaya oyera, anameta, n'kuuza amayi a pa thanthwe kuti Loweruka abwere adzamve okha.

Linali Loweruka lowala, mvula itangosiya, udzu udakali wobiriwira. Ophunzira anatsika m'shapa, minibasi ya kuno, ndi nsapato zosayenera matope, akujambulana ndi matelefoni. Ndipo tinene chilungamo, a Valentim anaphunzitsa bwino. Anawaonetsa kuphwanya kandevu ka mbedza ndi alikate, kachida kopanira waya, kuti isang'ambe pakamwa pa nsomba poichotsa. Anawauza kunyowetsa manja asanaigwire, chifukwa dzanja louma limachotsa ulenda wa pakhungu, nsomba n'kudwala. Anawatengera pa mchenga wosaya n'kuwalozera timaenje timene chikamwa chachimuna chimasesa nyengo yotentha, n'kumalondera mazira osadya, ndipo anati ukachigwira nthawi imeneyo wapha banja lonse. A Josias anafotokoza za mankhwala a mbatata, a Nikolasi anaphunzitsa kuponya chingwe, mnyamata wina n'kukola chipewa cha mnzake, anthu n'kuseka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero a Valentim, ndipo ana aja anadekhadi mpaka mtsikana wina, Anita, anakola chikamwa chachikulu chimene chinadumpha n'kupukusa mutu monga mwa mwambo wake.

Pamenepo a Valentim anasimba za matemba ndi neti. Dzina la mlongo wawo sanalitchule, koma amayi a pa thanthwe anayang'anana. Ophunzira anavomereza ndi mitu, chifukwa za kuipa kwa neti ya udzudzu anali ataziphunzira kale. Zonse zinkayenda monga a Valentim anafunira.

Anita, nsomba ili m'manja, anafunsa kuti kodi nsomba zazikulu chonchi zimadya chiyani m'dziwe lopanda matemba. Anafunsa mwaulemu, monga mwana wofuna kudziwa. A Valentim anati tizilombo, achule, zilizonse za m'madzi. Enjenyero anati njira yodziwira ndi imodzi, kutumbula imodzi n'kuona, ngati eni dziwe angalole. A Valentim anazengereza. Chibweretsereni nsombazi anali asanaphepo. Koma maso onse anali pa iwo, ndipo mphunzitsi sakana funso pamaso pa ana. Anaitenga okha, anaimenya ndi mwala pamutu, n'kuing'amba pamimba.

Munali chule wophwanyika. Munali kachikamwa kakang'ono, mwana wa mtundu wake womwe. Ndipo munali katemba kamodzi, kathunthu, maso ake asanasungunuke.

Palibe amene ananena kanthu koopsa. Ophunzira anaweramira pamenepo, ena akulemba, ena akujambula. Kenako anakoka kaukonde kawo koyesera m'mphepete mwa bango, kangapo konse, n'kuvuula ndere, nkhanu ndi tiana ta zikamwa basi. Anita anapempha kuona kumene madzi amalowera m'dziwe, ndipo a Valentim anawatsogolera. Kumtunda kwa dziwe kamtsinje kamatsika pa mwala wautali kufika m'chifuwa mwa munthu. Pamwamba pa mwalawo pali timaiwe ting'onoting'ono, ndipo tsiku limenelo amayi awiri a mudzi wa kumtunda anali m'madzi ndi neti ya udzudzu, beseni lawo likunyezimira matemba. A Valentim anali atadutsapo pamenepa kambirimbiri. Ankangotukwana netizo mumtima n'kupitirira, osaima kuti aganize.

«Bambo,» anatero Anita, atayandikira khutu lawo chifukwa anali ataona kuti samva bwino, «ndithandizeni. Kuno neti zilipo, matemba aliponso. Kumunsi neti munaletsa kalekale, koma matemba kulibe. Nanga kumunsi kuli chiyani chimene kuno kulibe?»

A Valentim anayang'ana mwalawo nthawi yaitali. Anali munthu wodziwa nsomba zake kuposa wina aliyense, ndipo yankho silinafune buku.

«Zanga zija,» anatero. «Sizikwera mwala uwu.»

Enjenyero analankhula mosamala, ngati munthu wonyamula mazira. Anati neti ya udzudzu ndi yoipadi, ndipo amayi a kumtundawo akapitiriza adzalira nawonso. Koma dziwe limene neti zinasiya zaka zonsezi likanachira lokha, pakanapanda china chodya matemba usana ndi usiku. Nsomba imeneyi, anati, yachita zomwezi m'madamu ambiri kumene anthu anaiika ndi mtima wabwino. Mwina matemba anayamba kuchepa neti isanalowe m'madzi, ndipo neti inabwera chifukwa miono inali itayamba kale kubwera yopanda kanthu. A Valentim sanafunike kuuzidwa kuti mwina. Ankakumbukira bwino chimene chinayamba. Atafunsa kuti nanga mankhwala ake n'chiyani, enjenyero anati ndi ovuta. Chikamwa chilichonse chogwidwa chisabwererenso m'madzi, chachikulu ndi chaching'ono chomwe, makamaka nyengo yoswa, ndipo ngakhale atatero sizidziwika ngati zingathe.

Pomaliza ophunzira anawathokoza ndi kuwomba m'manja, ndipo anathokoza moona, chifukwa anaphunziradi. Enjenyero anati phunziro la lero sakanalipeza m'kalasi. Kuwomba m'manja kumeneko kunawapweteka a Valentim kuposa kutukwanidwa. Amayi a pa thanthwe sanakwere nawo kumtunda kuja, choncho anabwerera kwawo atamva theka loyamba lokha, loti neti ndiyo inapha matemba.

Pobwerera, akukankha njinga pa chitunda, a Josias anayankhula zimene munthu wotopa amafuna kumva. Anati madzi akatayika saoleka. Ana aja apita, alemba mayeso awo, aiwala. M'mudzi palibe amene wamva. Matemba sangabwerere chifukwa choti munthu wadzichititsa manyazi, nanga n'kuphetseranji nsomba zokongola ndi Lamulungu lathu lomwe? A Nikolasi sanatsutse. A Valentim mumtima anavomereza pang'ono, tisabise. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Wakupha dziwe anali atapezeka, koma anali chinthu chokhacho chimene a Valentim anachikonda popanda kuchifunsa phindu, chimene anachinyamula pa njinga kuchokera ku Dedza.

Sabata imeneyo ntchito inawakana. Anakhoma ndowa yodontha, chinthu chimene sanachitepo chiyambire, mayi wogula n'kubwera nayo akulalata. Ankati akakweza nyundo amaona beseni lopanda kanthu lija, ndi msana wa mlongo wawo ukukwera m'madzi, chitenje chikudontha. Anawauza a Benedita zonse Lachinayi. A Benedita sananene kuti ndinakuuzani, ngakhale ufulu wonena unalipo. Anangotsitsa ndowa ija ya chivindikiro choboola, imene inkapachikidwa pakhoma ngati chithunzi cha ukwati, anaipukuta fumbi n'kuiika pakhomo.

Lamulungu anapita ku dziwe anzawo asanafike. Zikamwa zinadya nyambo mosavuta tsiku limenelo, ngati zikudziwa dzanja la mwini wake. Chilichonse chimene anatulutsa anachiyang'ana monga ankachitira, kenako mwala. Analira, munthu wamkulu, yekhayekha m'bango. Ndowa itadzaza anaimanga pa njinga n'kuzungulira kaphiri.

Anawapeza a Rufina atakhala pakhonde, akusankha timbatata ting'onoting'ono timene eni dimba anawapatsa pa ganyu. Anali atachepa thupi, ndipo a Valentim anadzidzimuka kuona nkhope ya mayi awo omwalira pa mlongo wawo. Anati odi. A Rufina anayala mphasa, anagwada patali n'kuwalonjera monga mlendo wodutsa. A Valentim anali atakonzeka kulandira mkwiyo. Njira yonse ankadziuza kuti akatukwanidwa apirire, akathamangitsidwa apite, ndi zoyenera. Anafotokoza zonse, za katemba ka m'mimba, za mwala, za mawu a enjenyero, akuyesa kutsitsa mawu koma osadziwa ngati akutsikadi. Anamaliza ndi kunena kuti amene anapha matemba ndi iwo, ndi ndowa iyi, ndipo abwera kudzapepesa.

A Rufina anasiya mbatata. Milomo yawo inagwedezeka, koma a Valentim sanamve kanthu. Anasendera pafupi, anatembenuza khutu labwinoko n'kupempha kuti abwereze.

«Ndati, ndiye si ine?»

Mumawuwo munalibe mkwiyo ngakhale pang'ono, ndipo apa m'pamene a Valentim anayamba kuopa. A Rufina analankhula pang'onopang'ono, maso ali pa mbatata, ndipo a Valentim anachita kuwerama kuti amve liwu lililonse. Anati iwo anakhulupirira. Achimwene awo ndi amene amadziwa za nsomba, ndipo ananena pamaso pa anthu, ndiye akanakayika bwanji? Anakalapa kwa ansembe kuti anapha chakudya cha mudzi. Chiyambire tsiku lija sanaikepo temba pakamwa, ngakhale pamaliro, chifukwa ankaona kuti sakuyenera. Páscoa atakwera shapa ya ku Tete ndi kachikwama kake, anati ndi malipiro a tchimo lawo, ndipo sanadandaule kwa munthu.

«Nanga njira ya kumtunda ija?» anafunsa a Valentim. «Ndinkati mukuzemba ine.»

«Inu ndikuzembeni chifukwa chiyani, achimwene? Ndinkachita manyazi ndi madzi. Munthu sudutsa pamanda a amene unamupha.»

A Valentim akanakonda mbama. Mbama ikanatha pomwepo. Anakhala pamphasapo, manja awo a zipsera ali pa maondo, akuwerenga mumtima zaka zimene mlongo wawo wasenza katundu wa iwo, kumukweza kaphiri m'mawa ndi madzulo, iwo ali tsidya lino kudikira kuti adzapepesedwe. Anati mawa m'mawa akaima pa thanthwe n'kuuza amayi onse, ndi mawu omwe aja anadulira neti. A Rufina anati mukanene, ngati mwaona kuti n'koyenera. Kenako anatsegula chivindikiro cha ndowa. Anali asanaonepo chikamwa chachikulu pafupi. Anachigwira pamsana ndi chala, anachitsegula pakamwa n'kusuzumira.

«N'zokongola ndithu,» anatero. «Koma tengani, mukapatse alamu. Ana amene ankafuna ndiwo pakhomo pano anapita.»

Lolemba pa mzere wa okhoma malata panali chitsa chopanda munthu. A Valentim anafika pa Kankhande mame asanaume, anakhala pa khoma la dziwe kudikira amayi ochapa. Atasonkhana anaimirira n'kunena zonse, osachotsapo, ndipo mawu awo anamveka mpaka kumadimba. Ena anagwira pakamwa, ena anayang'ana pansi, pokumbukira neti zawo ndi nthabwala zawo. Mayi wina anafunsa ngati ndiye kuti zikamwazo tsopano n'zololedwa kudya, ndipo a Valentim anati idyani, mubwere ndi amuna anu ndi mbedza, ndidzakuphunzitsani ndine.

Akulankhula choncho anaona munthu akutuluka kuseri kwa kaphiri, khasu paphewa, nsalu kumutu. Anafika pamphambano pamene njira yachidule imatsikira ku dziwe. A Valentim anasiya mawu pakati, anakweza dzanja n'kuitana, ndipo amayi onse anatembenuka. A Rufina anaima. Anayang'ana madziwo kanthawi ndithu, koyamba pa zaka zonse zija, atatchinga dzuwa ndi chikhatho. Kenako anakonza khasu paphewa n'kukhotera kumtunda, m'mabulugama, kumene miyendo yawo inazolowera. A Valentim anatsala dzanja lili m'mwamba, akuwayang'ana akukwera pang'onopang'ono, akuima kupumitsa msana, mpaka mitengo inawabisa.